Dona Wochedwa Kuyankha

Kalata inafika ku Boma Lachitatu, yolembedwa ndi pensulo papepala long'ambidwa m'kope, ndipo inalibe ngakhale moni. "Mkweni, galimoto yanga mwaipha ndinu. Bwerani mudzaione. Cecilia ndi mwana sachoka pano mpaka nditadziwa chimene munaichita. Ndine W. Hara."

Feston Chimbalanga anaiwerenga kawiri ali chiimire pakhomo la galaja ya boma pamene ankagwira ntchito ya umakaniko, manja ali bii ndi girisi. Iye anali mwana wa ku Dedza. Ntchito ndi imene inamutaya ku Mzimba, ndipo mu 1982 muja anali atathako zaka zisanu ndi chimodzi. Mkazi wake Cecilia anapita kwawo, kuseri kwa Champhira, kukachirira pafupi ndi amayi ake, ndipo khanda lija, Phoebe, linali litakwanitsa miyezi iwiri. Feston anali ataliona kawiri kokha. Nyumba anali ataipaka laimu, atagula beseni latsopano losambitsira mwana, akungodikira kutha kwa mwezi kuti akatenge anthu ake. Ndiye lero akumva zoti waphanso galimoto!

Muwadziwe a Wallace Hara, apongozi ake amene ankamutcha Mkweni, ndiye kuti mkamwini m'Chitumbuka. Anali mlimi wa fodya ndi chimanga, munthu wamfupi, wa mawu aakulu, wosasunga kanthu kukhosi. Mkamwini wa Chichewa sanamufune chiyambire. Ankati anthu a kumeneko amakwatira ndi nkhuku imodzi, nanga mkazi angamusamale bwanji. Chimene ankachikonda mosabisa chinali pikapu yobiriwira imene anagula kwa mmwenye wina wosamukira ku Lilongwe. Anaitcha Dona. Ankaipukuta m'mawa uliwonse iwo asanasambe kumaso. Pa Khrisimasi, Feston pofuna kudzigulira malo anaiikira mapulagi ndi mapoyinti atsopano mwaulere, osadziwa kuti akudzikumbira yekha dzenje.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Loweruka m'mamawa Feston ananyamula chikwama cha masipanala, nasisita thumba kuti amve ngati khadi la chipani lilimo, chifukwa anyamata ofunsa makhadi pa Jenda sankamva za kuiwala. Anakwera basi yoyamba. Kuchoka pa Jenda anapeza mwayi wa ngolo mpaka pa Champhira, kotsalako anayenda wapansi.

Atangoti "Odi!" pabwalo, anaona chitenje chikuzimirira kuseri kwa nkhokwe. Amenewo anali apongozi ake aakazi, a NyaMtonga. Zaka ziwiri zaukwati, Feston sankaidziwa nkhope yawo. Mwambo sunkalola kuti ayang'anizane kapena kulankhulana, ndipo mayiwo ankausunga mwambowo mopitirira anzawo onse. Akakumana panjira, mayiwo ankalowa patchire n'kugwada chofulatira. Mawu onse ankadzera mwa Cecilia. Feston ankangodziwa msana wawo, zidendene zawo ndi kutsokomola kwawo. Koma ankadziwanso kuti pamene a Hara ankakana ukwati, ndi mayi ameneyu amene anakhala masiku atatu osawalankhula amuna ake mpaka anagonja. Ndipo ulendo uliwonse pobwerera ku Boma, ankapeza m'chikwama mwake muli mtedza wokazinga umene sanaone woika.

Cecilia anatuluka ndi mwana, akumwetulira mwamantha. Feston anatambasula manja kuti alandire, koma mawu anabangula kuchokera pansi pa mtengo wa mango.

"Mwana sakuthawa yayi! Bwerani kuno kwa wodwala."

Feston ananjuta patali pang'ono, naomba m'manja. "Muli uli, adada?"

"Ndingakhale makora bwanji? Lolemba ndikanafa ine. Ndafika pa Jenda, ndikufuna kulowa mumsewu waukulu, lole ili kutali chomene. Ndaponda moto, Dona zii. Ndapondanso, zii. Mbwenu lole ija yafika, hutala mpaka kumwamba, ndiye Dona akudzidzimuka, kudumpha ngati chule. Msika wonse kundiseka ine! Dona sankatero musanamugwire inu."

"Pepani, adada. Ndingapemphe kuti tiyende nayo pang'ono, ndiimve?"

Anayenda nayo, a Hara pachiwongolero, Feston pambali atatchera khutu. Injini inalira kamodzin'kamodzi, ndipo poima inkangodumira bwinobwino. Pamsewu wosalala, moto uli pamodzimodzi, inkayenda ngati yatsopano. Koma atawoloka kamtsinje, a Hara n'kuponda mwamphamvu kuti akwere mtunda, galimoto inangoti phee, ngati ikufunsa kuti kodi mukunena ine. Munthu ukanatha kuwerenga mpaka katatu. Kenako inatsokomola n'kuguguda chitsogolo, mutu wa Feston n'kugunda galasi lakumbuyo.

"Mwamumva? Mwamumva mwana wanuyo?"

"Ndamva, adada. Nanga mukaponda pang'onopang'ono?"

Anaponda pang'onopang'ono, ndipo galimoto inamvera popanda kunyinyirika. Feston anasunga zimenezo mumtima. Matendawo ankabwera pokhapokha munthu akaponda modzidzimutsa.

Atabwerera pansi pa mango, anavula malaya a ulendo, natsegula boneti. Amakaniko achibwana amayamba ndi kumasula chilichonse chimene sipanala yakwana. Feston sankatero. Anamuphunzitsa ntchito anali mkulu wina wa ku Zomba amene ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, uyambe ndi chapafupi. Choncho anayamba ndi waya wochokera ku chopondera moto kupita ku kabuleta, chija chimasakaniza petulo ndi mpweya. Waya akakhwepa, phazi limayenda ulendo wautali injini isanamve kanthu. Anapempha a Hara kuti aponde injini ili chizimire, iye akuyang'ana. Phazi litangogunda, kachitsulo ka pa kabuleta kanasuntha nthawi yomweyo. Waya analibe mlandu.

Anachotsa sefa ya mpweya. Inali ndi fumbi lofiira la misewu ya kumeneko, koma osati loti n'kutsamwitsa injini. Anaigogoda pamwala, nayesa kuliza injini sefayo ili pambali. Matenda anali pomwepo.

"Onani zimene munaika inu," anatero a Hara, atamuima pamsana. "Musazungulire."

Feston anatenga sipanala ya mapulagi. Nanga bwanji ngati nkhalambayi ikunena zoona? Anamasula mapulagi onse anayi. Anali ouma, a mtundu wabwino. Anayeza mpata wa mapoyinti, nayang'ana ngati moto ukufika pa nthawi yake. Zonse zinali monga anazisiyira pa Khrisimasi. Anapumira m'mwamba, koma anangopitiriza kufufuza, poti kudziyeretsa usanapeze wolakwa n'kuputa mkangano chabe.

Ndiye anazimitsa injini, nawerama mpaka diso linafika pakamwa pa kabuleta, n'kukoka kachitsulo kaja ndi chala.

"Mukufuna chiyani m'menemo? Mwataya ndalama?"

"Ndikufuna malovu, adada."

"Malovu!"

"Eya. Mukaponda moto mwadzidzidzi, khomo ili limatseguka lonse. Mpweya ndi wopepuka, umathamanga n'kulowa wokha. Petulo ndi wolemera, amatsalira m'mbuyo. Ndiye muno muli kapampu kakang'ono kamene ntchito yake n'kulavula petulo pang'ono nthawi yomweyo, kuti injini isamve njala podikira winayo. Kakapanda kulavula, injini imameza mpweya wokhawokha, n'chifukwa chake imakhala kaye chete. Taonani nokha."

A Hara anawerama monyinyirika. Feston anakokanso. M'malo mwa kamzere ka petulo kothamanga, panangotuluka kadontho kamodzi, n'kulendewera pamenepo mwaulesi.

"Hmm," anatero a Hara, ndipo kwa iwo kumeneko kunali kuyamikira kwakukulu.

Feston anapempha mbale yoyera ya chitsulo. Cecilia anafuulira kukhitchini, ndipo mbale inatulukira pakhomo ili m'dzanja lopanda mwini, dzanjalo n'kubwereranso. Anamasula kabuleta, naika tizitsulo tonse m'mbalemo motsatana. Atatsegula kachipinda kosungira petulo, anaima. Pansi pake panali phala loyera. Iye anazolowera kupeza dzimbiri, mchenga, madzi, tsiku lina anapezapo nyerere. Koma zoyera chonchi anali asanazione. Phalalo linali litamata kampira kachitsulo ka pampu ija, n'kutsekanso kabowo kolavulira, kabowo kochepa kuposa ka singano. Anatapa pang'ono ndi chala, napaka pa chitsulo cha galimoto chimene chinali padzuwa. Litauma linachita gwaa, n'kumanyezimira.

Mwamwayi a Hara anali ataitanidwa ku chigafa, kumene anthu aganyu ankasankha fodya. Feston anakodola mkazi wake.

"Mayi a Phoebe, petulo amathira kuti?"

"Ali ndi mgolo m'kanyumba ako. Mwaiwala kuti petulo akusowa? Akamva kuti wafika pa Jenda amakadzaza mgolo wonse."

Analowa m'kanyumbamo. Mgolo unalipo, chitini chotungira chinalipo, ndipo pamsomali panapachikidwa fanelo. Pakamwa pa fanelopo panamangidwa nsalu yosefera. Inali nsalu yoyera mbee, yopindidwa m'mphepete ndi ulusi wa manja, yosita bwino mpaka makona ake ankaima okha. Feston anaifikisa pakati pa zala, ndipo tiufa tinagwera pachikhatho pake.

"Iyi n'chiyani?"

"Ndi duku la amama, la ku Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi, loyamba lija. Adada ankasefera chipewa chawo chakale, chonunkha ngati mbuzi. Amama anati galimoto imene imatinyamula kupita kutchalitchi siingamwere m'chonyansa chotero, ndiye anachitentha n'kupereka duku lawo. Sabata iliyonse amalichapa, kuliviika mu sitachi wa chinangwa, kulisita, n'kulimangiriranso. Anayamba chaka chatsopano chomwechi. Bwanji kodi?"

Apa Feston anamvetsa zonse. Sefa ya petulo ya galimotoyo wina anaichotsa kalekale n'kulumikiza paipi mwachindunji, ndipo iye pa Khrisimasi analonjeza kuti adzabweretsa ina, koma ku sitolo kunalibe. Ndiye sitachi yense uja ankayoyokera mu thanki, n'kukumana ndi timadzi ta pansi pa mgolo, n'kuphikika phala. Dona ankadwala chifukwa chokondedwa.

Cecilia anayang'ana tiufa tija, nayang'ana mwamuna wake, ndipo anagwira pakamwa. Kenaka nkhope yake inawala. "Ndiye basi! Auzeni adada. Mawa tili ku Boma."

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti amayi athira chinangwa m'galimoto? Mukuwadziwa bambo anu. Pofika Lamulungu nkhani ili patchalitchi, Lolemba ili pa Jenda. Amayi adzayenda bwanji pakati pa anzawo? Mpaka kumanda anthu azidzawatchula ndi nkhani imeneyi."

"Nanga ine? Ndikhale kuno mpaka mwana amere mano? Bambo a Phoebe, ine ndatopa, ndikufuna kunyumba kwanga."

"Inenso ndikukufunani, nyumba ija ikundiluma. Koma ine sindingathe. Inu mungochotsa nsaluyi mwakachetechete, muwauze amayi kuti ndidzatumiza sefa ya waya. Zinazo musanene."

Cecilia anasolola duku lija pa fanelo mwaukali, natuluka osamuyang'ana.

Ntchito yotsalayo inatenga mpaka dzuwa kupendeka. Anatsuka tizitsulo tonse mu petulo woyera, natokosa kabowo kaja ndi kaulusi kamodzi ka waya wofewa wa magetsi, n'kuuzira ndi pampu ya njinga mpaka mpweya unatulukira mbali ina ukuimba mluzu. Anatsitsa thanki, naitsukuluza kawiri. Ali pansi pa galimoto anamva kukhitchini manong'onong'o, kenaka mawu otsamwa akuti, "Chiuta wane!" Anatseka maso. Cecilia anali atanena.

Atamanga zonse, anaitana a Hara kuti adzaone. Anakoka kachitsulo kaja, ndipo kamzere ka petulo kanathamanga kuti tsiii, kowongoka bwino. Anapita kukamtsinje kuja. A Hara anaponda mwankhanza, dala, ndipo Dona analumpha mtunda wonse osapuma. Nkhalamba inaseka mpaka chipewa kugwa, koma itakumbukira amene yakhala naye pambali, inabweza nkhope msanga.

Anakhala pansi pa mango, a Hara pampando wawo wa ndalema, Feston pachitsa, Cecilia pamphasa ndi mwana. Kukhitchini, kuseri kwa mpanda wa bango, kunali zii.

"Wachira, ndavomera," anatero a Hara. "Koma kalata yanga inati ndidziwe chimene chinachitika. Zoyera zija ndaziona m'mbale, musaganize kuti ndine wakhungu. Zinalowa bwanji m'mimba mwa Dona?"

Feston anayang'ana mwana wake, kamutu kodzaza tsitsi kali pachifuwa cha amake. Anaomba m'manja.

"Kulakwa n'kwanga, adada. Pa Khrisimasi ndinapaka mankhwala omatira pa paipi ya petulo, ndiye ndinachulutsa. Ndi amene analowa m'kati."

"Ehee!" A Hara anamenya bondo. "Ndinanena ine! Cecilia, wamva? Ndinanena kapena sindinanene? Munthu wa boma, wa mapepala, kumata galimoto ngati mphika! Mbwenu tichite chonchi. Mwana wanga akhala pano mpaka fodya atapita ku okushoni. Dona akanyamula mabelo onse osadwalanso, ndidzadziwa kuti manja anu ayamba kukhwima, oti n'kusunga anthu."

Fodya kupita ku okushoni ndiye kuti Julaye. Miyezi itatu. Cecilia anagwetsa nkhope, misozi n'kudonthera pamutu pa mwana. Feston anamva chisoni chimene anali asanachimvepo, koma anaombanso m'manja.

"Yewo, adada."

Kuseri kwa bango kunamveka kutsokomola, kenaka mawu otsika oitana Cecilia kuti adzatenge uthenga. Cecilia anayang'ana bambo ake, napukusa mutu. "Amama, ine yayi. Umenewo sindinganyamule."

Ndiye chitseko cha khitchini chinalira, a NyaMtonga n'kutuluka chammbali, chitenje atachikokera kumaso. Feston anagwetsa maso pansi mofulumira. Anaona zidendene zija zikudutsa, zikufika pamphasa. Mayiwo anatenga mwana m'manja mwa Cecilia, nakhala pansi chofulatira mkamwini wawo, n'kumuimika mwanayo pamiyendo. Ndipo anayamba kulankhula naye, osati m'Chitumbuka, koma m'Chichewa chawo chopunduka chimene Feston anali asanachimvepo, kuti mlendo asaphonye liwu ndi limodzi lomwe.

"Phoebe, mama wane, ndiwe wamkulu tsopano, ndikutume. Uwauze asekuru ako, agogo ako aamunawa, kuti zoyera zija ndi sitachi wa duku langa. Ndinasinja ndekha chinangwa, ndinasita ndekha. Ndimati ndikuchita ulemu. Uwauze kuti akafuna kukalengeza pa Jenda apite, ine ndiwaperekeza. Koma akanenenso kuti iwo amathira petulo pa duku limenelo miyezi itatu, akulitama kuti likuyera chomene."

A Hara anadzikanda m'mutu, ndipo mayiwo anapitiriza.

"Uwauzenso adada ako kuti bodza ndi tchimo, ngakhale lokoma. Asadzachitenso. Ine ndabereka ana asanu ndi awiri, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anasenzapo manyazi anga pamutu pake." Anamukonza mwanayo pamiyendo. "Ndiye uwauze kuti adzutse nkhope. Ndikufuna ndimuone mwana wanga ameneyu."

"NyaMtonga, mwambo!" anatero a Hara, koma mawu awo anali atachepa.

"Mwambo tidzaupatsa nkhuku mawa."

Feston anamva mphasa ikukhwekhwereza. Mutu unamulemera ngati wasenza thumba la chimanga, koma anaudzutsa. Patsogolo pake panali mayi wamng'ono thupi, wakuda bwino, wa mpata pakati pa mano ngati wa Cecilia, masaya onse ali chonyowa. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pamphumi mpaka kuchibwano, osafulumira.

"Ndiwe wowonda," anatero mayiwo. "Cecilia amandinamiza."

Feston anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kudzipaka girisi kumaso konse. "Yewo, amama," ndi zokhazo zimene anakwanitsa.

A Hara anatulutsa mpango m'thumba, namina mwaphokoso mpaka nkhuku zinabalalika. Anayang'ana galimoto, anayang'ana akazi awo, anayang'ana kumwamba kwa mango ngati kuli china chofunika. Mkamwini yekha ndiye sanamuyang'ane. Potsiriza anawerama, nagwira kaphazi ka mdzukulu wawo ndi zala ziwiri.

"Iwe Phoebe," anatero mokalipa, "uwauze adada ako kuti ku Boma n'kutali, ndipo ine sindiyenda ndi mdima. Ngati akufuna anthu awo, akweze katundu msanga."

Cecilia anali atafika kale pakhomo la nyumba. A NyaMtonga anakwawa ndi mawondo masitepe awiri, naika mwana m'manja mwa Feston ndi manja awo, girisi ndi girisi yemwe, osadzera mwa munthu wina aliyense.